Bambo anga a zaka 79 ali ndi hernia: yong'amba, ya kamera, kapena tiwasiye?

Nachisale25 walemba:

Moni abale ndi alongo. Ndalemba pano chifukwa kwathu nkhani yatikulira, aliyense akukokera kwake, chonsecho tsiku la opaleshoni atipatsa kale, ndi mwezi wamawa.

Bambo anga ali ndi zaka 79. Amakhala kumudzi ku Ntcheu, chakumtunda kufupi ndi Tsangano, ndipo mpaka lero sanasiye dimba lawo la kachewere ndi kabichi. Ali ndi hernia, chotupa chobwera matumbo akamatulukira pabowo la khoma la mimba lofooka, mbali ya kumanja, cha m'mphechepeche. Yakhalapo kalekale koma ankabisa, mukudziwa mmene akuluakulu amachitira ndi matenda a malo amenewa. Ine ndinamva kwa mayi, mochita kundinong'oneza. Poyamba chotupacho chinkatuluka akanyamula katundu kapena akatsokomola, ndiye akagona chagada n'kukankha ndi dzanja chinkabwerera msanga. Tsopano chakula, chayamba kutsikira mmunsi, ndipo madzulo pochokera kudimba amayenda atagwira pamenepo. Njinga anaisiya. Kutchalitchi anthu onse akaimirira iwo amangokhala. Kubwerera chikubwererabe, koma mpaka agone kanthawi, ndipo akuti chikamalowa mumamveka kulira kwa matumbo.

Amamwa amlodipine wa BP ndi kaasipirini kakang'ono kaja tsiku lililonse. Shuga anayezetsa, alibe. Fodya anasiya kalekale. Mayi akuti usiku amadzuka pafupipafupi kukataya madzi, ndipo amachedwako chifukwa mkodzo ukutuluka mofooka. Mutu wawo uli bwinobwino, ndalama za kachewere amawerengera okha ndipo palibe venda angawapusitse.

Kuchipatala cha pa boma anawaona a clinical officer. Anati achita opaleshoni yong'amba, aikamo kaneti kotchedwa mesh, ndipo sadzawagoneka koma adzawabaya jakisoni wa pamsana.

Achimwene anga amene ali ku Johannesburg akukana. Akuti zong'amba n'zachikale, masiku ano amangoboola timabowo titatu n'kulowetsa kamera, mawa lake munthu akuyenda. Akufuna bambo apite kumeneko, iwo alipira kuchipatala cha pulayiveti. Azakhali, alongo awo a bambo, akuti zonsezi n'kufuna kuwapha msanga: munthu wa zaka zimenezi salowa ku fiyeta, ambiri sadzuka, tiwasiye akhale nacho monga akhalira nacho zaka zonsezi. Bambo eni ake akungoti, "Mukagwirizana mundiuza." Koma ine ndikawayang'ana ndikuona kuti ululuwo wawatopetsa.

Ndiye ndithandizeni, makamaka inu a zachipatala ndi inu amene makolo anu anadutsamo. Kwa munthu wamkulu chonchi, njira yosaopsa kwenikweni ndi iti? Ya kamera ndi yabwinodi kuposa yong'amba, kapena ndi yodula chabe? Nanga kungowasiya kuli ndi vuto lanji? Ndalama si nkhani, achimwene akonzeka. Chimene ndikufuna n'chakuti bambo atuluke ali moyo, ndiponso ali ndi nzeru zawo.

Wa_ku_Fiyeta wayankha:

Achemwali, mwafotokoza bwino kwambiri, moti zambiri zimene ndikanafunsa mwayankha kale. Ine ntchito yanga ndi yogoneka odwala. Ndine amene ndimakhala chakumutu kwa wodwala, maso pa BP ndi kapumidwe, pamene anzanga akucheka. Mawu omaliza akhale a amene awagwira bambo ndi manja, koma ndikuuzani mmene ndimaionera nkhaniyi.

Ndiyambe ndi azakhali, chifukwa mantha awo sanangochokera m'mutu. Aonapo akuluakulu akumwalira atachitidwa opaleshoni ya hernia. Inenso ndaona. Koma mukafufuza, ambiri mwa iwo anabwera usiku, matumbo atakanirira kale pabowo, akusanza, madzi atatha m'thupi, impso zitayamba kufooka. Imeneyo ndi opaleshoni ina, ngakhale dzina lili limodzi. Ku Sweden amalemba opaleshoni za hernia m'kaundula kuyambira 1992, ndipo mu 2007 anaunika zoposa 100,000 za m'kaundulamo. Anapeza kuti anthu ochitidwa opaleshoni yokonzekera, yopatsidwa tsiku ngati ya bambo anuyi, sankamwalira kuposa anzawo a msinkhu womwewo amene sanapite n'komwe ku fiyeta. Kwa ochitidwa mwadzidzidzi imfa zinachuluka ka 7, ndipo pamene panafunika kudula chigawo cha matumbo zinachuluka ka 20. Choncho zaka 79 pazokha sizindiopsa. Mkulu amene akulimabe dimba, amene angakwere chitunda osaima kuti apume, thupi lake lili ndi mphamvu kuposa munthu wa zaka 60 wongokhala pampando, wotupa miyendo, wobanika akayenda pang'ono.

Tsopano ya kamera. Si yoipa ayi. Koma pali chinthu chimodzi chimene mwina achimwene anu sanauzidwe: kawirikawiri sichitika munthu ali maso. Timayenera kumugoneka kwathunthu, kumulowetsa paipi kukhosi, makina n'kumamupumira. Kenako amapopera mpweya wa carbon dioxide kuti mimba itukumuke dokotala apeze poonera, ndipo kawirikawiri bedi timalipendeketsa, mutu kutsika. Mnyamata wa zaka 30 thupi lake silidandaula. Koma kwa wokalamba mimba yotukumukayo imakankha mapapo m'mwamba, magazi obwerera kumtima amachepa, BP imakwera ndi kutsika, ndipo ine chakumutu kuja ndimakhala ndi ntchito yambiri. Timabowo ta pakhungu ndi tating'onodi, koma katundu amene mtima wasenza si wamng'ono.

Mwatchula za nzeru, ndipo mwachita bwino. Okalamba ena akachoka ku fiyeta amasokonezeka mutu kwa masiku angapo: osazindikira ana awo, kuzula diripi, kufuna kutuluka m'wodi pakati pa usiku. Zoyambitsa zake n'zambiri, monga opaleshoni yaitali, mankhwala amphamvu opha ululu, kusowa tulo, kuchepa kwa madzi m'thupi, mkodzo wotsekeka, ngakhale kungokhala malo achilendo pakati pa anthu olankhula chinenero china. Chimene chimateteza ndi opaleshoni yaifupi, mankhwala ochepa, kudya ndi kuyenda msanga, ndi kuona nkhope zozolowera.

Yong'amba yoika mesh imene akunena ku boma, yodziwika kwambiri ndi ya Lichtenstein, dzina la dokotala wa ku Los Angeles amene anaifalitsa m'zaka za m'ma 1980. Mpaka lero ikuchitika tsiku lililonse ngakhale m'mayiko olemera. Amacheka cha pamwamba pa mphechepeche, bala lotalika masentimita 6 mpaka 8, amabwezera zimene zatulukazo, n'kusokerera mesh pakhoma lofookalo, monga mmene timaikira chigamba pathumba lobooka m'malo mokoka m'mbali mwake ndi ulusi. M'kati mwenimweni mwa mimba safikamo. Nthawi zambiri ola lisanathe amakhala atseka.

Ubwino wake waukulu, kwa ine wa chakumutu, ndi wakuti imandipatsa posankha. Ndikhoza kugoneka, ndikhoza kubaya pamsana kuti kuyambira m'chiuno kutsika muchite dzanzi, kapena wochekayo akhoza kubaya jakisoni wa dzanzi pamalo pokhapo pamene akuchekapo. Njira yachitatuyi ndi imene imasautsa thupi pang'ono kuposa zonse. Munthu amapuma yekha, miyendo ikugwira ntchito, akatsika pabedi amamwa phala. Malangizo a madokotala a hernia a padziko lonse amene anatuluka mu 2018 amati kwa anthu a zaka 65 kupita m'mwamba, dzanzi la pamalo kapena kugoneka zingakhale bwino kuposa jakisoni wa pamsana. Eni ake amavomereza kuti umboni wa mfundo imeneyi si wolimba kwambiri, ndipo kuno kwathu wa pamsana ndi amene timabaya tsiku ndi tsiku, manja anazolowera, odwala okalamba ambirimbiri atuluka nawo bwino. Koma ali ndi zovuta ziwiri zimene ndimaziyang'anira kwa akuluakulu: amatha kugwetsa BP mwadzidzidzi, ndipo amatseka mkodzo.

Apa ndiye pali nkhani imene mwailemba ngati yaing'ono, yodzuka usiku ndi mkodzo wofooka. Ine ndikanayambira pamenepo. Kwa bambo wa msinkhu umenewu kawirikawiri zimasonyeza kuti prostate, kachiwalo ka abambo kozungulira njira ya mkodzo, yakula ndipo ikupana njirayo. Munthu wotere amachita kudzikakamiza pokodza, ndipo kukakamizako kumakankhanso hernia. Ikatha opaleshoni ndi amene amakanika kukodza mpaka kumuika paipi. Kafukufuku wa m'mayiko 32 amene anatuluka mu 2023 anapeza kuti mwa amuna a zaka 65 kupita m'mwamba, pafupifupi mmodzi pa 10 alionse mkodzo unatsekeka atachitidwa opaleshoni ya hernia. Bambo mwina sananene zimenezi kuchipatala chifukwa cha manyazi. Kaneneni inuyo, tsiku lisanafike. Mankhwala omasula njira ya mkodzo alipo, ndipo kudziwiratu kungasinthe ngakhale mtundu wa jakisoni amene angasankhe.

Dzanzi la pamalo silitheka kwa aliyense. Hernia yaikulu kwambiri yodzaza mmunsi, yosabwerera, kapena munthu wonenepa kwambiri, kapena wamantha osaugwira mtima, zimavuta. Mwati ya bambo ikutsika koma ikubwererabe, ndiye kafunseni ngati ingatheke, ndiponso ngati wochekayo anazolowera kuchita choncho. Akanena kuti iwo amaidziwa bwino ndi wa pamsana, musawakakamize kuyesera pa bambo anu njira imene sanaizolowere.

Mlimi_wa_kwa_Chulu wayankha:

Mayi, ine za sukulu ya udokotala sindidziwa, koma zimene akunena azakhali anuzo n'zimene ananenanso akuluakulu a kwathu za malume anga, ndipo ndikufuna mumve mmene zinathera.

Malume anali ndi zaka 74, nawonso anali nacho kwa nthawi yaitali. Kuchipatala anawapatsa tsiku, koma pabanja anakana, amvekere munthu wamkulu sachekedwa. Tsiku lina m'dzinja, nthawi yothira feteleza wachiwiri, anathandiza mnyamata kutsitsa thumba pangolo. Madzulo chotupa chija chinatuluka, osabwereranso. Anagona chagada, anakankha, ayi ndithu. Chinauma gwa, kungochikhudza iwo kukuwa. Azimayi anawathowa ndi madzi otentha, ena anabwera ndi mizu yomwa, poganiza kuti kukacha chifewa. Pakati pa usiku anayamba kusanza, poyamba nsima, kenako zobiriwira. Mimba inatupa, mpweya osatuluka, kuchimbudzi osapita.

Tinawakweza pangolo mbandakucha, mvula ikugwa, matope mpaka m'maondo a ng'ombe. Pachipatala chaching'ono anangowaika diripi n'kunena kuti izi n'za ku boma. Ambulansi panalibe, tinachita kupempha galimoto ya munthu. Pofika ku fiyeta dzuwa linali litapendeka. Atatuluka, amene anawachita opaleshoni anatiitana panja n'kutiuza kuti apeza chigawo cha matumbo chitada bii, chitafa, ndipo achidula n'kulumikiza. Anayesetsa anthu aja, sindingawanene. Malume anatsitsimuka, anatizindikira, anapempha madzi. Koma patapita masiku ochepa chibayo chinawagwira, ndipo sanabwererenso kumudzi ndi miyendo yawo.

Pamaliro anthu ankati, mwaona, opaleshoni yawapha. Ine ndinali nawo pangolo paja, ndikudziwa kuti pofika kuchipatala anali atatha kale.

Ndiye ngakhale musanagwirizane, auzeni mayi anu ndi onse okhala pafupi ndi bambo: chikatuluka n'kukana kubwerera, chikauma ndi kuwawa, akayamba kusanza kapena mimba kutupa, asadikire kuche, asawapatse chakudya, asakankhe ndi mphamvu. Anyamuke nthawi yomweyo, ndipo alunjike kumene kuli fiyeta. Matumbo akafinyidwa magazi osafikako, ndi nkhani ya maola chabe. Ku Tsangano ndinafikako kukagula mbewu, msewu wake nthawi ya mvula ndimaudziwa. Nambala ya munthu wa galimoto ikhale m'foni mwa mayi kuyambira lero.

Namwino_ku_Leeds wayankha:

Achimwene a kwa Chulu, pepani kwambiri ndi za malume.

Ndikugwirizana ndi a ku fiyeta pa zambiri, koma ndiwaikireko kumbuyo pang'ono achimwene a ku Johannesburg, chifukwa zimene akunena si zabodza. Ine ndimagwira ntchito m'wodi ya odwala obwera m'mawa n'kutuluka madzulo, ndipo ndimaona anthu a zaka za m'ma 70 ndi 80 akuchitidwa ya kamera n'kupita kwawo tsiku lomwelo. Ululu wa masiku oyamba umachepa, bala silivuta, ndipo ululu wokhalitsa wa m'mphechepeche, umene umasautsa pafupifupi munthu mmodzi pa 10 alionse pambuyo pa opaleshoni ya hernia, umachepanso. Pali anthu amene ya kamera ndiyo yowayenera kwenikweni: amene ali nayo mbali zonse ziwiri, chifukwa amakonza zonse kudzera m'mabowo omwewo, amene anang'ambidwapo kale n'kubwereranso, ndiponso amayi.

Za amayizi ndinenepo pang'ono chifukwa ena owerenga ali ndi agogo aakazi. Amayi okalamba amakonda kukhala ndi mtundu wina wotchedwa femoral hernia, kachotupa kakang'ono kotulukira mmunsi pang'ono, chakumtunda kwa ntchafu. Kamaoneka kopanda pake koma bowo lake ndi lothina, ndipo kamakanirira msanga kuposa ya abambo. Kameneko sikadikiridwa, ngakhale kasakuwawa.

Koma bambo anu, achemwali, ndi mwamuna, ili mbali imodzi, sanachitidwepo. Ubwino wa kamera kwa iwo ndi wochepa, ndipo ululu wokhalitsa uja umavuta kwambiri achinyamata kuposa okalamba. Komanso ya kamera imadalira kwambiri manja a munthu. Mu 2004 kunatuluka kafukufuku wa m'zipatala za asilikali opuma ku America, amuna pafupifupi 2,000. Patatha zaka 2, hernia inabwerera mwa anthu 10 pa 100 alionse a kamera, pamene kwa ong'ambidwa inabwerera mwa 5 pa 100. Kwa madokotala amene anali atachita ya kamera koposa ka 250, kusiyanako kunatha. Luso lapita patsogolo kuchokera nthawi imeneyo, koma funso silinasinthe: dokotala ameneyu amachita zingati pachaka? Kukongola kwa chipatala sikuyankha funso limeneli.

Pa zongowasiya, pali kafukufuku amene azakhali angamukonde atamumva theka. Anatuluka mu 2006, ndipo anatsatira amuna 720 ku America ndi Canada amene hernia yawo sinkawawa kapena inkawawa pang'ono. Ena anawachita opaleshoni, ena anangowayang'anira. Kukanirira kunali kosowa, pafupifupi anthu 2 pa 1,000 pachaka. Ndiye kwa mkulu amene sakumva ululu, kapena wodwala mtima kwambiri, kudikira si kulakwa. Theka linalo ndi ili: pofika zaka 10, anthu 68 pa 100 a gulu lodikira anali atachitidwa ndithu opaleshoni, ambiri chifukwa cha ululu, ndipo mwa opitirira zaka 65 anali 79 pa 100. Bambo anu sali m'gulu la osamva ululu. Asiya njinga, akulephera kuima m'tchalitchi. Akadikira, adzachitidwabe, koma ali ndi zaka 82 kapena 84, chotupa chitakula, mtima utakalambirako. Ndipo amuna a m'kafukufukuyo sankakhala kutali ndi fiyeta ngati mmene alili bambo.

Ulendo nawonso muuwerengere. Basi ya ku Johannesburg kudzera ku Tete ndi Zimbabwe ndi masiku awiri munthu ali chokhala, ndipo chitakanirira panjira mungatani? Pobwerera, kukhala nthawi yaitali chonchi utangochitidwa opaleshoni kumaonjezera chiopsezo cha magazi kuundana m'miyendo. Bala likadzavuta ali kumudzi, wowaona adzakhala munthu amene sanawachite. Ndikanakhala ine, ndalama za achimwenezo ndikanazigwiritsa ntchito ku Malawi konko: kuyezetsa mtima, magazi ndi impso, kulipira munthu wogwira kudimba miyezi iwiri, ndi galimoto yabwino yowatengera kunyumba.

Mphunzitsi_Wopuma wayankha:

Mwana wanga, ine ndinachitidwa yong'amba ndili ndi zaka 73, ndi jakisoni wa dzanzi pamalo pokhapo, chifukwa dokotala anati chifuwa changa cha mphumu sachikhulupirira. Ndikuuze mmene zinalili kuti ukawafotokozere bambo ako, poti mantha ambiri amabwera chifukwa chosadziwa zimene zili kuseri kwa chitseko chija.

Anandigoneka chagada, anatchinga nsalu yobiriwira pachifuwa kuti ndisaone. Jakisoni woyamba anawawa, kutentha kwa kanthawi kochepa, ena otsatira sindinawamve. Kucheka sindinakumve. Chimene ndinamva ndi kukoka ndi kukankha, ndipo pena kanandilasa m'kati, ndinanena, anaima n'kuonjezera mankhwala. Mnyamata amene anali chakumutu kwanga ankandifunsa za sukulu zimene ndinaphunzitsako, mpaka tinapeza kuti ndinaphunzitsapo amalume ake. Chakumapeto dokotala anati, "Bambo, tatsokomolani." Ndinatsokomola. Anati, "Kachiwiri, mwamphamvu." Ankafuna aone ndi maso ngati pamene wasokapo pagwira. Munthu wogonekedwa sangachite zimenezo.

Madzulo ake ndinayenda ndekha kupita kukataya madzi, pang'onopang'ono, nditagwira khoma. Masiku oyamba kudzuka pabedi ndi kutsokomola kunali kowawa, ndinkachita kutsamiza kapilo pabalapo. Mmunsi munatupa n'kuda, ndinachita mantha, koma anandiuza kuti ndi magazi otsikira pansi pa khungu ndipo zinatha zokha.

Chinthu china, mwana wanga. Bambo ako akuti mukagwirizana muwauze, koma thupi ndi lawo, ndipo pepala lovomereza adzasaina ndi iwo. Akuluakulu timalankhula choncho tikaona ana akukangana chifukwa cha ife. Upeze mwamuna mnzawo amene amamasuka naye, kapena wa chipatala wamwamuna, akhale nawo awiri awafunse chimene iwo akufuna. Pamaso pa mwana wamkazi sanganene zonse za malo amenewa.

Nachisale25 wayankha:

Zikomo kwambiri nonse. Bambo aphunzitsi, mawu anu ndawamva, ndalankhula ndi akulu a mpingo amene ndi mnzawo wa bambo kuyambira ubwana, apita kukacheza nawo Loweruka. Achimwene a kwa Chulu, nkhani yanu ndawawerengera azakhali pafoni, anakhala chete nthawi yaitali kenako anati tikambirananso.

Achimwene ku Johannesburg ndawatumizira zonse. Za ulendo avomereza kuti sanaziganizire. Koma abwera ndi mafunso ena awiri, ndipo nanenso akundivuta. Loyamba, akuti anamva kuti m'zipatala zina za ku Africa kuno amaika neti ya udzudzu m'malo mwa mesh, ndiponso kuti mesh imavunda m'thupi. Kodi sangasoke popanda chinthu chimenechi? Lachiwiri, akuti amene awachite bambo ndi clinical officer, osati dokotala wa opaleshoni. Kodi tisapemphe kuti atitumize ku Kamuzu Central kapena ku Gulupu?

Wa_ku_Fiyeta wayankha:

Mafunso abwino onse awiri, achemwali.

Mesh ya kuchipatala ndi ulusi wa pulasitiki wolukidwa, kawirikawiri polypropylene. Sivunda. Mnofu umamera m'timabowo take n'kukhala khoma limodzi. Nthawi zina, osati kawirikawiri, imatha kulowa tizilombo n'kuchita mafinya, ndipo zikavuta amaichotsa. Za neti ya udzudzu zili ndi pochokera: madokotala ena ku India anayamba kugwiritsa ntchito neti yopanda mankhwala, yoiphika m'makina ophera tizilombo, chifukwa mesh ya m'sitolo inali yodula kwa osauka. Mu 2016 kunatuluka kafukufuku wa ku Uganda, amuna 302, theka anaikidwa yotchipayo, theka ya m'sitolo, ndipo patatha chaka panalibe kusiyana kwenikweni. Imeneyo si neti yonyikidwa m'mankhwala imene timagonamo. Muli ndi ufulu wofunsa kuti adzaika mesh yanji, ndipo ngati ikusowa, achimwene akhoza kugula imene a chipatala angakulembereni.

Kusoka popanda mesh n'kotheka. Njira ya Bassini inayambira ku Padua, ku Italy, m'zaka za m'ma 1880, ndipo ya Shouldice ya ku Canada ndi yabwino kwambiri m'manja mwa oizolowera. Koma mnofu wa munthu wokalamba ndi wofooka, ulusi wokoka umatha kuung'amba, ndiye popanda mesh hernia imabwerera kawirikawiri. Dziwaninso kuti matumbo akafa n'kudulidwa, malowo amakhala odetsedwa ndipo ambiri amaopa kuikapo mesh. Wobwera pa tsiku lopatsidwa ndi amene amapeza njira yolimbayo.

Za clinical officer: m'zipatala za pa boma kuno ku Malawi, opaleshoni zambiri za hernia amachita ndi iwowo, ndipo ena achita zochuluka zedi. Panali ntchito yotchedwa COST-Africa, ya College of Medicine mogwirizana ndi Royal College of Surgeons in Ireland, yophunzitsa ma clinical officer opaleshoni. Poyerekeza odwala hernia ochitidwa pa boma ndi a m'zipatala zazikulu, sanapeze kusiyana kwenikweni pa mmene anachirira. Chimene chingapangitse kuti atumizidwe ku chipatala chachikulu ndi thupi la bambo: mtima ukapezeka ndi vuto, magazi akakhala ochepa kwambiri, impso zikafooka, kapena hernia ikakhala yaikulu mosabwerera. Pemphani kuti wogoneka odwala awaone tsiku lisanafike, osati m'mawa wa tsikulo pakhomo pa fiyeta.

Asipirini musawasiyitse nokha. Kambiri kakang'ono kaja timalola kuti kapitirire pa opaleshoni yotere, koma anene ndi amene awachite. Akhala akumwa mankhwala ena alionse, ngakhale azitsamba, anene. Ngati ali ndi chifuwa kapena amadzimbidwa, zikonzedwe kaye, chifukwa kutsokomola ndi kudzikakamiza kuchimbudzi kumavutitsa bala. Akatuluka ayende tsiku lomwelo, amwe madzi okwanira, adye masamba ndi papaya. Pa ululu panado ndi wabwino kwa iwo. Brufen ndi diclofenac asamangogula m'golosale, chifukwa kwa wokalamba wa BP zimawononga impso ndi m'mimba. Asatuluke m'chipatala asanakodze. Kunyumba, thupi likatentha, bala likafiira ndi kutuluka mafinya, kapena mkodzo ukatsekeka, abwerere msanga. Ntchito zopepuka angayambe pakangopita masiku ochepa, koma khasu ndi matumba a kachewere zidikire milungu imene adzawauze.

Kutatsala mlungu umodzi, apite akayezetse BP pachipatala chapafupi, ndipo aziwamwetsa mankhwala mosadumphitsa. Akuluakulu ambiri amene timawabweza pa tsiku lawo, chifukwa chake chimakhala BP yokwera kwambiri. Pobwera atenge buku lawo la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene akumwa.